Muli ndi pini ya malo basi, mudziwa bwanji ngati kumazizira kapena kumatentha?

Msuweni wanga ali ku Joni, wasunga kangachepe ndiye akufuna kugula munda kuno kumudzi adzale khofi ndi makademiya. Wogulitsa malo anangomutumizira pini pa WhatsApp ndi zithunzi zitatu zojambula mu Febuluwale, mwezi umene ngakhale pamwala pamaoneka pobiriwira. Iye nkuiponya pini ija kwa ine amvekere "ase tandionere ngati kumeneku kumazizira". Ndiye ndinakhala masabata angapo ndikuyesa njira zosiyanasiyana, zina zinandithandiza zina zinangondidyera bandulo, ndipo ndikudziwa kuti alipo ambiri amene akugula malo, kukumba madamu a nsomba kapena kumanga makola a nkhuku kudera komwe sanagoneko ngakhale usiku umodzi.

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi: imadya ndalama zingati kuphatikizapo bandulo, imapezeka mosavuta bwanji kwa munthu wa foni chabe, ntchito yomwe imakusiyirani m'manja, komanso pomwe ingakunamizeni. Koma musanasankhe dzifunseni kaye chomwe mukufuna kudziwa. Pali kudziwa mtundu wa nyengo ya dera, pali avereji ya kutentha pachaka kapena pamwezi, ndiye pali usiku umodzi wa Julayi womwe chisanu chimawaula mbande zonse, kapena masana a Okutobala omwe mabuloyila amangogwa mkhola. Zitatuzi si chinthu chimodzi ndipo palibe njira imodzi yomwe imayankha zonse.

Kaye za manambalawo. Mukadinikiza chala pa malo mu Google Maps imakupatsani manambala awiri, yoyamba ndi latitude yachiwiri longitude. Lilongwe ali chapa -13.98 ndi 33.78. Kamzere ka mainasi kaja kakutanthauza kuti tili kummwera kwa equator, musakaiwale. Ine ndinakaiwala tsiku loyamba, kompyuta nkundipatsa malo otentha koopsa a mvula yochepa yogwa mu Julayi ndi Ogasiti, ndinatsala pang'ono kumuuza msuweni kuti aise akukubera, kenaka nditayang'anitsitsa mapu ndinapeza kuti ndili ku Sudan. Mukasinthanitsa manambalawo, 33.78 patsogolo, mukagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Chinanso, 13°58' si 13.58 ayi, mamineti amagawidwa ndi 60, ndiye imakhala 13.97. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita 111, ndiye kakulakwitsa kameneka kakusunthani makilomita opitirira 40, kuno kwathu mtunda umenewo ndi wokwanira kukutsitsani kuchoka kumapiri kukafika kuchigwa.

Njira yoyamba: kuwerengera nokha ndi latitude komanso kukwera kwa malo

Kusukulu tinaphunzira kuti pakati pa madigiri 23.5 kumpoto ndi 23.5 kummwera ndi dera lotentha. Malawi yense ali pakati pa 9 ndi 17 kummwera, ndiye latitude payokha ingokuuzani kuti Nsanje, Nyika ndi Sapitwa ndi chimodzimodzi, bodza lomwe mwana aliyense wa ku Dedza angaliseke. Mzinda wa Quito ku Ecuador uli pafupi kwambiri ndi equator koma anthu amavala majuzi chifukwa uli pamtunda wa mamita pafupifupi 2,850. Chomwe chimalamula kuno ndi kukwera kwa malo. Lamulo lake ndi loti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, kapena tinene 0.65 pa mamita 100 aliwonse.

Mumatenga malo omwe mukuwadziwa. Lilongwe ali pa mamita 1,050 ndipo avereji yake pachaka ndi chapa madigiri 20 kapena 21. Dedza boma ali chapa 1,600, kusiyana mamita 550, ndiye chotsani madigiri atatu ndi theka mupeza 17 ndi kakuti. Salima ali chapa 500, onjezerani atatu ndi theka mupeza 24. Ngabu kuchigwa cha Shire ali chapa mamita 100 okha, onjezerani 6 mufika 26 kapena 27. Aliyense amene anatsikapo ku Thabwa kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena Khwekhwelere kupita ku Golomoti, masamu amenewa anawamva pathupi, umanyamuka utavala jekete ukafika kumunsi wayamba kutsegula mawindo a minibasi.

Mtengo: ulere. Kupezeka: Google Earth imaonetsa kukwera kwa malo pansi pa sikirini, kapena muuzeni munthu aime pamalopo ndi apu ya GPS. Foni imatha kuphonya ndi mamita angapo makumi koma musade nazo nkhawa, mamita 50 ndi gawo limodzi mwa atatu a digiri basi. Ntchito yake: mphindi zisanu ndi kakyuleta, mukatha mwatha.

Pomwe ingakunamizeni: za mvula siidziwa kalikonse. Nkhata Bay ndi Bolero ku Rumphi sanatalikirane kwenikweni pa latitude koma kwina imagwa kupitirira mamilimita 1,500 pomwe kwina zaka zambiri siikwana 800, nkhani yake ndi yoti mphepo yonyowa imakhuthula mvula mbali ya phiri yomwe yayang'ana komwe ikuchokera, kuseri kumangotsala kouma. Ndi chifukwa chake tiyi ali ku Mulanje ndi Thyolo komwe chiperoni chimafikira. Komanso lamulo la 6.5 lija usiku limatembenuka. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka nkukadikha kudambo, ndiye munda wa kumunsi umatha kugwidwa chisanu pomwe wa pamtunda pang'ono uli bwinobwino. M'mbali mwa nyanja namo usiku sikuzizira monga masamu anganenere chifukwa madzi amasunga kutentha.

Njira yachiwiri: mapu a Köppen

Awa ndi mapu a mitundumitundu aja mumawaona pa Wikipedia okhala ndi zilembo ngati Aw, Cwa, BSh. Anawayambitsa Wladimir Köppen mu 1884, nkumawakonza mpaka 1936, kenaka Rudolf Geiger anadzawonjezerapo. Chilembo choyamba ndicho chachikulu: A ndi kotentha komwe ngakhale mwezi wozizira kwambiri avereji siitsika pansi pa 18, B ndi kouma, C ndi komwe mwezi wozizira umatsika pansi pa 18 koma osaundana, D ndi E ndi za kwa anzathu a chipale. Ka w kakutanthauza kuti nyengo yozizira ndi youma, monga kwathu kuno. Chomaliza, a ndiye kuti mwezi wotentha umafika 22 kapena kupitirira, b ndiye kuti sufika. Lilongwe ndi Cwa, m'mbali mwa nyanja mwambiri ndi Aw, kumapiri okwera ngati Nyika ndi Cwb.

Mtengo: ulere, bandulo pang'ono. Kupezeka: paliponse, ndipo mapu omwe anatuluka mu 2018 amafika pa kabokosi ka kilomita imodzi. Ntchito yake: palibe, kungoyang'ana mtundu wa utoto.

Pomwe ingakunamizeni: ndi thumba lalikulu kwambiri. Cwa yomweyo ili ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Hong Kong ndi mbali zina za kumpoto kwa India, kodi mungadzale mofanana konseko? Ndiye malire ake ndi a mpeni, malo omwe mwezi wozizira ndi 18.1 ndi ena omwe ndi 17.9 amapatsidwa zilembo zosiyana ngakhale thupi silingamve kusiyana kulikonse. Ine ndimaiona ngati njira ya ana a sukulu ndi olemba mapulopozo, komanso imathandiza mukamawerenga za mbewu yakunja yomwe alemba kuti imachita bwino mu Cwb, mumadziwiratu kuti ku Salima musayerekeze. Kupitirira apo ilibe zambiri.

Njira yachitatu: mawebusayiti omwe mumalowetsa manambala nkukupatsani tebulo

Apa ndi pomwe anthu ambiri amakopeka chifukwa zimatuluka zokongola, magirafu, mwezi ndi mwezi, mpaka madesimo awiri. Koma muyenera kudziwa kuti palibe munthu anaika chipangizo pamunda wanuwo. Dziko lonse analidula m'timabokosi ndipo akukupatsani avereji ya bokosi lomwe pini yanu yagweramo, ndiye funso lenileni ndi loti bokosilo ndi lalikulu bwanji.

NASA POWER ndi yosavuta kuposa zonse, siifuna kulembetsa, mumalowetsa latitude ndi longitude nkukupatsani kutentha, mvula ndi mphepo kuyambira 1981, za dzuwa kuyambira 1984, kafayilo kake kakang'ono kotsegula mu Excel. Vuto bokosi lake ndi theka la digiri kwina, 0.625 kwinaku, kuno kwathu ndi ngati makilomita 55 kwa 67. Bokosi limodzi lotere likhoza kumeza Blantyre ndi gawo la chigwa cha Shire nkupereka nambala yapakatikati yomwe siili yoona kwa onse awiri. Koma pali kachinsinsi komwe ambiri sakaona: pamwamba pa fayiloyo amalembapo avereji ya kukwera kwa bokosilo. Ngati alemba mamita 900 ndipo munda wanu Google Earth ikuti 1,400, bwererani ku njira yoyamba ija muchotse madigiri atatu ndi kakuti pa nambala iliyonse ya kutentha. Ine ndinachita zimenezi pa pini ya msuweni ndipo mpamene zinthu zinayamba kugwirizana ndi zomwe anthu a kumeneko amanena.

ERA5 ya ku Ulaya bokosi lake ndi locheperako, chapa makilomita 30, ndipo imabwerera mpaka 1940, masayiti ngati Open-Meteo amatunga kumeneko. WorldClim ndiyo ya bokosi laling'ono, kilomita imodzi, ndipo inawerengera kale kukwera kwa malo, koma manambala ake ndi a zaka za 1970 mpaka 2000, kuyambira pamenepo dziko latenthako ndiye muziona ngati akuchepetsa pang'ono. Pa mvula yokha pali CHIRPS ya ku University of California, Santa Barbara, bokosi la makilomita 5, kuyambira 1981, imasakaniza za setilaiti ndi za masiteshoni apansi.

Mtengo: zonsezi ndi zaulere koma WorldClim ya kilomita imodzi mafayilo ake ndi magiga angapo, ndi bandulo ya patsiku musayambe nkomwe. Kupezeka: NASA POWER imatheka pa foni ngakhale movutikira, WorldClim ndi CHIRPS zimafuna laputopu ndi pulogalamu ngati QGIS, yomwenso ndi yaulere koma kuizolowera kumatenga masiku. Ntchito yake: mukatsitsa kamodzi basi, kusiyapo ngati mukufuna kumatsatira mvula chaka ndi chaka.

Pomwe zingakunamizeni: madesimo aja amakupusitsani kuti zinthu ndi zolondola kwambiri. Kumalo kwa mapiri zimaphonya, ndipo pa kuzizira kwa usiku ndiye zimaphonya kwambiri chifukwa bokosi silidziwa dambo lanu. Masayiti ena ang'onoang'ono odzaza zotsatsa malonda sanena ngakhale komwe atenga manambala awo, ena amangotenga za pa bwalo la ndege lapafupi nkulembapo dzina la mudzi wanu. Ngati sayiti siikunena gwero ndi zaka zake itsekeni. Chinanso, apu ya zanyengo ya mu foni ija imanena za mawa ndi mkuja, si ya ntchito imeneyi.

Njira yachinayi: siteshoni ya zanyengo yapafupi

Nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, ili ndi masiteshoni omwe akhala akuyeza kwa zaka zambirimbiri, monga Chitedze, Bvumbwe, Makoka, Ngabu, Chileka, Mimosa, Dedza, Salima, Nkhotakota, Mzuzu, Karonga. Apa ndi zinthu zoyeza zenizeni, munthu amadzuka m'mawa nkukawerenga. Padziko lonse avereji ya nyengo amaiwerengera pa zaka 30, pakali pano ndi za 1991 mpaka 2020, ndiye mukamapempha nenani zaka zomwe mukufuna ndipo musapemphe avereji yokha, pemphaninso kutentha kwapamwamba ndi kwapansi mwezi ndi mwezi.

Mtengo: thiransipoti, mayunitsi, nthawi yanu, ndipo funsiranitu ngati pali cholipira pa zomwe mukufunazo. Kupezeka: zimafuna kulemba kalata kapena kupita nokha, si za kudina batani, ndiye kwa munthu ali kunja afunika mbale womuyendera. Ma ofesi a zaulimi a m'madera nawo amasunga kaundula wa mvula, mlangizi wa kuderalo angakuonetseni, chimodzimodzinso maesiteti akuluakulu a tiyi, khofi ndi nzimbe ngati mungawapemphe mwaulemu. Ntchito yake: kusanja manambala, ndi kuona miyezi yomwe palibe chinalembedwa.

Pomwe ingakunamizeni: siteshoni yapafupi si ndiye kuti ndi yofanana ndi kwanu. Munthu wa ku Mtakataka akatenga za Dedza poti ndi boma lake walemba m'madzi, bola atenge za Salima, kutali pamsewu koma kukwera kwake nkofanana ndipo onse ali mbali ya kunyanja. Sankhani siteshoni ya kukwera kofanana komanso ya mbali yomweyo ya phiri, kusiyana kotsalako mukonze ndi 0.65 uja. Koma ngati mukukatenga ngongole kubanki kapena inshulansi ya mbewu, pepala la masiteshoni amenewa ndi lomwe lili ndi ulemu, osati sikirinishoti.

Njira yachisanu: kuyeza nokha ndi kufunsa eni dera

Iyi ndiyo yokhayo yomwe imakuuzani za munda wanu weniweniwo. Mumagula kachipangizo koyezera kutentha komwe kamasunga nambala yapamwamba ndi yapansi, ta dijito timene oweta nkhuku amaika mkhola tija timatha, kapena ngati thumba likulola kaloga kodzilembera kokha ola lililonse miyezi yambiri nkudzakatsitsa pa kompyuta. Kaikidwe kake ndi nkhani yaikulu: pamthunzi, podutsa mphepo, mita imodzi ndi theka kuchoka pansi, pa udzu osati pa simenti, ndipo musakapachike pansi pa malata chifukwa mudzayeza kutentha kwa denga. Kabokosi ka matabwa kopaka penti yoyera kokhala ndi mipata m'mbali ndi kokwanira. Mukaphatikiza yapamwamba ndi yapansi nkugawa pawiri mwapeza avereji ya tsikulo. Pa mvula chitini choongoka m'mbali ndi rula zimagwira, milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, muziyeza m'mawa nthawi yomweyomweyo. Ngati munda uli ndi mtunda ndi dambo ikani tiwiri, mudzadabwa kusiyana kwake mu Juni ndi Julayi.

Koma musanagule kanthu kalikonse pitani mukakhale pansi ndi akuluakulu a m'mudzimo. Musawafunse kuti kuno kumazizira, aliyense adzati eya. Afunseni kuti agogo, chisanu chinawaulapo nthochi kapena masamba a mbatata kudimba, chaka chiti, mbali iti? Mbatatesi imabereka kuno? Mango amapsa mwezi wanji? Ndiye yang'anani mitengo, mukaona milambe ndi bwemba paliponse dziwani kuti khofi wa arabika, yemwe amakonda madigiri 18 mpaka 22, sakhala pamenepo. Mukaona masuku muli pamtunda wapakati, mukaona mapichesi ndi mapaini akusangalala ndiye kuti mwakwera ndithu. Mtengo waukulu waima pamenepo zaka zambiri kuposa siteshoni ina iliyonse.

Mtengo: chipangizo, mabatire, ndi kangachepe ka munthu wowerenga tsiku ndi tsiku. Mitengo yake imatsata dola ndiye funsani m'mashopu a zaulimi ndi za ziweto, kapena wachibale akubwera kuchokera ku Joni akutengereni. Kupezeka: ta wamba timapezeka mtauni, maloga nthawi zambiri nkuitanitsa kunja. Ntchito yake: iyi ndiye yolemetsa kuposa zonse, tsiku lililonse chaka chonse, kusintha mabatire, kuteteza ku ana, mbuzi, chiswe ndi akuba.

Pomwe ingakunamizeni: chaka chimodzi si nyengo. Mukanayeza mu 2023/24 nthawi ya El Niño mukananena kuti kummwera kulibe mvula, mukanayeza mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy mukananena zosiyana kotheratu. Ndiye manambala anu muziwaika pambali pa a siteshoni a miyezi yomweyo, chomwe mukufuna ndi kusiyana kwake, mwachitsanzo kuti kwanu usiku kumazizira ndi madigiri awiri kuposa kusiteshoni, kusiyana kumeneko ndi komwe sikusinthasintha. Ngozi ina ndi wowerenga waulesi, mukaona mkope mwalembedwa 28 ndi 14 masiku khumi otsatizana ndi bolopeni imodzi dziwani kuti analemba zonse tsiku limodzi atakhala pakhonde. Ndipo musafunse wogulitsa malo kapena achibale ake za chisanu.

Ndiye itiyo kwa ndani

Ngati ndinu mwana wa sukulu kapena mukulemba pulopozo yofuna ndime imodzi ya nyengo, Köppen ndi tebulo la NASA POWER zakwana, ingotchulani zaka zake. Ngati akutumizani kukagwira ntchito kudera lachilendo ndipo mukungofuna kudziwa zonyamula, bulangete kapena fani, onani kukwera kwa malo basi, kupitirira mamita 1,300 tengani bulangete lolemera, pansi pa 600 fani ndi neti. Oika masola ndi opopa madzi ndi dzuwa, NASA POWER ikukwanirani chifukwa dzuwa silisintha kwambiri pa mtunda waufupi ngati mmene kutentha kumachitira.

Wa chimanga, soya ndi mtedza, nkhani yanu ndi mvula osati kutentha, pitani kwa mlangizi mukaone kaundula, ngati muli ndi mwana wodziwa kompyuta akutsitsireni CHIRPS. Wa madamu a nsomba yang'anitsitsani miyezi ya Juni ndi Julayi chifukwa makumba ndi chambo madzi akatsika pansi pa madigiri 20 amadya pang'ono ndipo sakula, wa nkhuku za nyama yang'anani masana a Okutobala ndi Novembala, kuchigwa cha Shire kumadutsa 40. Nonse awiri avereji ya pachaka ilibe nanu ntchito, mufunika za siteshoni mwezi ndi mwezi.

Wa mitengo yodikira zaka, khofi, makademiya, mapeyala, maapozi, inu musathamange. Yambani ndi masamu a kukwera kwa malo kuti mutaye malo osayenera osawononga ngakhale kwacha imodzi, omwe atsala muwayeze ndi WorldClim kapena NASA yokonzedwa ija, kenaka siteshoni, kenaka mupite nokha mu Julayi mukagone konko. Pini ya msuweni wanga inatuluka pa mamita chapa 1,400, masamu akuti khofi atheka, koma theka la mundawo ndi lotsetserekera kudambo ndipo mayi ena achikulire oyandikana nawo anandionetsa nthochi zomwe zinawauka chaka chatha mbali yakumunsiyo. Tagwirizana kuti agule, khofi apite kumtunda, kumunsi taikako kachipangizo kamodzi tione kaye mmene Juni ndi Julayi akhalire.